Nkhoswe Yanga ya ku Oshawa

Ukwati wathu tinamangira konkuno ku Oshawa, m'dziko la Canada, kutali ndi abale. Koma ukwati wopanda nkhoswe ndi chibwenzi chabe, choncho amalume anga ku Dedza anaimba foni n'kupempha a Kamphinda, mkulu wa mpingo wathu, kuti aimire mbali yanga. A Kamphinda analandira udindowo ndi manja awiri. Kuyambira pamenepo ndinkawatcha ankolo, ndipo ndikaphika thobwa, botolo loyamba linkapita kwawo.

Mwamuna wanga Calvin samwa, sasuta, za akazi alibe nazo ntchito. Matenda ake ndi mpira. Boma litangololeza kubetcha pa masewero, munthu uja anachita ngati mbuzi yomwe aitsegulira khola. Pa foni sankabetcha, tambwali ameneyu, chifukwa akaunti yathu ya kubanki ndi imodzi ndipo ine maso ndili nawo. Ankapita ku kasino ina kumpoto kwa tauni, yomangidwa pa nthaka ya eni dziko lino, aja anali kuno azungu asanabwere. Kumeneko makina amameza ndalama za pamanja. Umasankha timu pa galasi, umalowetsa ndalama, makina amalavula kapepala. Timu yako ikawina, umabwera nako kapepalako kudzatenga zako. Ikaluza, umakaponya m'bini n'kubwerera kunyumba uli ndwii, mwana kukupatsa moni iwe osayankha.

Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba. Ndimanyamula amayi a eni ake mpaka msana kuchita kuthyoka, kuti thukuta langa likathere pa anyamata othamangitsa chikopa ku Ulaya. Ndinalankhula, ndinalira, ndinayesanso kukhala chete. Pomaliza ndinachita zomwe mkazi woleredwa bwino amachita: ndinakatula nkhani kwa ankhoswe. Ndinawauza mosapsatira kuti zikapitirira nditenga mwana wathu Olivia, ukwati uthere pomwepo.

"Mwana wanga, ukwati savula ngati malaya," anatero ankolo. "Ukuti malowo ali ndi eni ake? Ndiye nkhani yaphweka. Eni nthaka ali ndi akuluakulu awo, mwambo amaudziwa. Tikakawaonekera mwaulemu, amuletsa."

Loweruka anavala suti yawo ya mgonero, natitenga ine ndi Calvin ulendo wa ku kasino. Pa tebulo lolandirira alendo tinapeza mayi wina dzina lake Mathilda. Ankolo anavula chipewa n'kuyamba Chingelezi chawo cha pa guwa, kupempha kuonana ndi mfumu ya malowo. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto osaseka, pamenepo pokha ndimuyamikire. Kenako anafotokoza kuti eni nthaka amalandira gawo lawo la phindu, koma zoti uyu alowe, uyu asalowe, ndi za malamulo a boma. Munthu wamkulu sangaletsedwe ndi mkazi wake, malume kapena mfumu. Ayenera kudziletsa yekha. Akasaina chikalata chodziletsa amamujambula nkhope, ndipo akadzayesa kulowa, makamera amamuzindikira, alonda n'kumubweza.

"Mkamwini, mwamva nokha," anatero ankolo. "Sainani."

Calvin anasaina atazolika. Ine misozi ili chuchuchu, ya chimwemwe. Pamene ankamujambula, ankolo anakaima pansi pa mawayilesi akanema akuluakulu aja, manja kumbuyo, akuti akufuna aone m'mene Satana amagwirira ntchito. Tinachita kukawakoka kuti tizipita.

M'nyumba munalowa mtendere. Calvin ndi ankolo anasanduka chala ndi mkanda. Loweruka lililonse ankawatenga pa galimoto, poti iwo alibe, akuti kukasaka nyama ya mbuzi kumafamu. Ine chitsiru ndinkamusitira malaya ndikuimba nyimbo, ndikuti mwamuna wanga wapeza bambo. Ndalama zikaperewera ankati mafuta akwera mtengo, ndipo anali atakweradi.

Tsiku lina Loweruka mnzanga wa kuntchito anadwala, n'kundiitana kuti ndimulowere. Nditafika ndinamva kuti tikuperekeza okalamba athu kokacheza. Nthawi zina amawatengera ku kasino masana, akakanikize mabatani, adye, abwerere. Basi inatitsitsa pa khomo lomwe lija.

Ndinali ndikukankha agogo ena pa njinga yawo ya olumala pamene ndinamva Chichewa. Kuno Chichewa umachimva ngakhale pakati pa phokoso la makina.

"Mukuti awa a malaya ofiira? Agoletse zingati? Dikirani kaye, galasili likundizunguza."

Anali ankolo. Foni ataipanira pa phewa, magalasi ali pa nsonga ya mphuno, chala chikusaka timu. M'thumba la malaya munali timapepala tambiri, tina tatuluka mitu. Ndinasiya agogo aja m'manja mwa mnzanga wina n'kukaima pambali pawo.

"Ankolo, nyama ya mbuzi ikugulitsidwa muno masiku ano?"

Anadzidzimuka pang'ono chabe, munthu wozolowera maliro. Anadula foni n'kuiika m'thumba bwinobwino.

"Sungeni mwana wanga, wadzuka bwanji?"

"Calvin ali kuti?"

"Ali panja, m'galimoto. Muno salowa, paja anasaina."

"Ndiye inu mwasanduka miyendo yake."

"Usaone choncho. Munthu wa chizolowezi sumudula kamodzi, amafa nacho mumtima. Ndikumusiyitsa pang'onopang'ono. Bola zidzere m'manja mwanga, ndizidziwa malire."

"Nanga timapepala ta m'thumbamo, tonse n'take?"

Anagwira thumba lija ngati laboola. "Za m'banja sitikambira pagulu. Ubwere mawa tikaweruka ku tchalitchi, tidzakhale pansi monga mwa mwambo."

Ndikanakhala wopanda yunifomu, mwina lero ndikanakhala m'ndende. Ndinatuluka panja. Galimoto yathu inali kumapeto kwenikweni, kuseri kwa mabasi. Calvin anali atagoneka mpando, nsapato atavula, mpira ukulira pa wayilesi, atavala malaya omwe ndinasita ine m'mawa. Atandiona anatsitsa galasi theka.

"Amake Olivia, ine sindinalowemo," anatero.

Ndinamusiya pomwepo. Chomwe chinkandiwawa sanali iye ayi, iye ndinkamudziwa kale. Ndinapita kuseri kwa basi yathu n'kuimbira amalume ku Dedza. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira suti ya mgonero mpaka timapepala. Ndinawauza kuti ndatopa, ndikufuna andimasule mwadongosolo, ndisadzatchedwe mkazi wothawa banja.

Amalume anamvetsera zonse. Ndinkamva mbale zikulira kumbali kwawo. Kenako anakhosomola.

"Pepa mwana wa mlongo wanga, nkhaniyi ndi yaikulu," anatero. "Koma ife kuno tili kutali, sitingaweruze zomwe sitinaone. Mawu athu onse tinawasiya m'manja mwa a Kamphinda. Kawauze iwowo."