Sola Yoyang'ana Kummwera

Mkamwini anali kale padenga, sipanala ili m'manja, pamene apongozi ake aamuna, mphunzitsi wa Chingerezi wopuma pantchito, anatuluka ndi dikishonale yolemera ngati njerwa.

"Sola imeneyo iyang'ane kummwera," anatero. "Dzina la kummwera pa Chingerezi, south, linachokera ku mawu akale otanthauza mbali ya dzuwa. Zalembedwa apa."

Mkamwini anasiya kaye kumanga. Zaka khumi zonsezi akuika masola, lero aphunzitsidwe ntchito ndi buku?

"Bambo, amene anapeka mawuwo ankakhala kutali kumpoto, kumene dzuwa amalionera chakummwera. Kuno, miyezi yozizira ino, limapendekera kumpoto."

"Ndiye mukuti bukuli likunama?"

Mtima unamuwawa, koma mpongozi sutsutsana naye pakhomo pake. Anatembenuza solayo n'kumanga mabawuti akukukuta mano.

Patapita masiku anayi anamuitanitsa. Batire linali litafooka, filiji itazima, mkaka utasasa. Anapeza apongozi ataima pabwalo, dikishonale ili kukhwapa, akuyang'ana kumwamba atakwinya nkhope.

"Kwerani mukaitembenuze, akamwini," anatero. "Dzuwa lakunoli ndi losaphunzira."