Mpeni pa Nkhope ya Hodan

Aka kanali kachitatu Manjit Toor kupeza chikwangwani chake chitaonongedwa. Ulendo uno sanangochigwetsa. Anacheka nkhope ya Hodan Warsame ndi mpeni kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, n'kuchisiya chili chiimire pakapinga kuti odutsa aone.

Kunali kutatsala masiku asanu kuti dera lawo ku Brampton, m'dziko la Canada, lisankhe phungu wopita kunyumba ya malamulo ku Ottawa. Mumsewu mwawo munadzaza nkhope ya Pannu, loya amene akuluakulu a kukachisi wa Asikh ankayenda naye khomo ndi khomo. Manjit yekha ndiye anaika ya Hodan, wopikisana ndi Pannu, namwino wa Chisomali amene anasamalira mwamuna wa Manjit, Gurmail, miyezi iwiri atagwa ndi sitiroko.

Masana kunabwera Baldev Sekhon ndi bokosi la maswiti. Iyeyu anali mkulu wa kampeni ya Pannu, komanso bambo wa Jaskaran, chibwenzi cha Navleen, mwana wa Manjit.

"Mlongo wanga, ndamva za chikwangwani," anatero akulandira tiyi. "Anthu aipa. Koma inunso mwaonjeza. Ukwati wa ana athu ndi Julaye yemweyu. Kukachisi akundifunsa kuti banja limene tikukatengako mkazi lili mbali iti."

"Muwauze kuti lili mbali ya amene ankatembenuza Gurmail pabedi pamene inu munkangotumiza maluwa."

Sekhon anaseka, koma maso ake sanaseke nawo.

"Pakamwa panupo, Navleen asatengere." Anayang'ana uku ndi uku m'chipinda chochezera. "Lero ndi pepala chabe. Nyumba ino ili ndi mazenera akuluakulu, ndipo achimwene anga, a Gurmail, sathamanganso. Ine ndikungokuderani nkhawa."

Sekhon atachoka, Manjit anatuluka kukataya zinyalala. A Ferreira, nkhalamba ya Chipwitikizi ya nyumba yoyandikana nayo, anamukodola pampanda.

"Mayi Toor, mwana wanga anandiikira kamera pakhomo chifukwa cha akuba katundu wa positi. Taonani zimene yagwira lero."

Pafoni panaoneka msewu wawo kutangocha. Galimoto yoyera inaima, munthu anatsika, nacheka chikwangwani mosafulumira. Atatha sanathawe. Anaima mpeni uli m'manja, kuyang'ana zenera la m'mwamba, la chipinda cha Navleen, kwa nthawi yaitali ndithu. Kenaka anatembenuka, nkhope yake inaonekera bwinobwino. Anali Jaskaran.

"Mnyamatayu si amene amakuchotserani chipale chofewa pakhomo?" anafunsa a Ferreira. "Ndipite nazo kupolisi?"

"Nditumizireni ine kaye."

M'nyumba, Gurmail anaonera kanemayo ali pampando wake. Chiyambire matenda aja mawu ankatuluka limodzilimodzi.

"Fufuta," anatero. "Zula chikwangwanicho. Holo tinalipira kale. Abale akubwera kuchokera ku Jalandhar, ku India. Ndale zitha Lolemba."

"Ndale zitha, inde. Nanga mwana wathuyu akakana kumumvera Jaskaran pa nkhani ina, adzacheka chiyani?"

Gurmail anayang'ana kukhoma.

Navleen anafika cha m'ma faifi kuchokera ku famase kumene ankagwira ntchito, atanyamula makadi atatu oitanira anthu ku ukwati.

"Amayi, sankhani. Jaskaran akuti lofiirali, koma ine..." Anaima ataona nkhope ya mayi ake. "Kwagwanji? Ababa?"

"Ababa ali bwino. Khala pansi."

Manjit anamupatsa foni. Ankayembekeza kulira, kapena kukana kuti si iye. Navleen anaonera mpaka kumapeto, nabwereza pamene munthuyo anaima kuyang'ana zenera.

"Anandiuza kuti ndikuuzeni muchichotse," anatero motsitsa mawu. "Ndinakana. Ndinati votiyo ndi yanu. Sabata yatha anandigwira apa." Anakwinya mkono wa juzi. Pamwamba pa chigongono panali mikwingwirima inayi ya zala, itayamba kuchita chikasu.

Gurmail anatulutsa mawu osamveka, dzanja lake labwino litagwira mpando mwamphamvu.

Foni ya Navleen inalira pathebulo. Anawerenga uthengawo, naitembenuza chafufumimba.

"Akuti akubwera kudzanditenga, tikamvere Pannu kumsonkhano. Ali pamphambano."

Manjit ananyamuka, nakiya chitseko cha kutsogolo. Gurmail anatambasula dzanja.

"Ndipatse foni," anatero. "Ferreira abwere. Apolisi ndiimbira ine."

Panja galimoto inaima, injini osazimitsa.

"Amayi," anatero Navleen, "chitseko cha kuseri mwakiya?"