Kodi Phiri Ili Limayenda?

"Panja? Aphunzitsi, muli bwinobwino?" anafunsa aZikhalo, ahedi a sukuluyo, akuvula magalasi. "Makolo a kuno ku Mphunzi anaumba njerwa zaka zitatu kuti ana asiye kuphunzirira pansi pa mtengo. Lero tafolera malata, inu mukuti tibwerere komwe tinachoka?"

Veronika, mphunzitsi wa Sitandade 4, ankapempha kukaphunzitsira panja chifukwa cha nkhani ya mwana mmodzi. Idah anachokera ku Phalombe, namondwe wa Freddy atapha amayi ake. Miyezi inayi inali itatha osatulutsa liwu m'kalasi. Ankakhala pakhomo penipeni, ndipo Veronika akamusunthira kutsogolo, monga amachitira ndi ana onse ofatsa, ankanjenjemera mpaka kumubwezera pamalo pake. M'mawa womwewo azakhali ake, aAnastazia, anali atanena kuti teremu ikatha mwanayo sabweranso.

"Akungotha nsapato," anatero azakhaliwo. "Bola azindithandiza kusankha kachewere. Kumundako ndiye amayankhako ndikamuitana."

Mawu otsirizawo anamukola Veronika. Kumunda amayankha? Nanga m'kalasi chimamutseka pakamwa n'chiyani?

"Mundipatse Lachisanu limodzi lokha," anawachonderera aZikhalo. "Tikayeze mizere m'munda wa sukulu. Ndi masamu omwewo."

"Chabwino. Koma akomiti akandifunsa, nditchula inu."

Lachisanu ana anamwazikana m'munda ndi zingwe ndi marula, phokoso ngati pamsika. Idah sanayeze kanthu. Anangoima kuyang'anitsitsa phiri ndi matanthwe ake. Veronika anakaima pafupi naye, pakamwa pakumuyabwa, koma anadzigwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Madamu," anatero mwanayo ndi mawu osasa, "phiri ili limayenda?"

Trust, wolongolola kuposa onse m'kalasi, anaphulika ndi kuseka. "Liyende lili ndi miyendo?"

"Lathu linayenda," anayankha Idah. "Linabwera ndi miyala mpaka m'nyumba. Amayi anali kuchipinda. Ine ndinali pakhomo."

Veronika anagwidwa ndi manyazi osaneneka. Miyezi yonseyi iye ankayesa kuti akumuchitira chifundo mwanayo pomukokera kutsogolo, chonsecho ankamuchotsa pamalo pamene anapulumukira. Anafuna kunena kuti mapiri a ku Dedza sayenda, koma anaona kuti mwana amene anaona ndi maso ake sungamunyengerere ndi pakamwa.

"Ineyo sindikudziwa," anatero. "Safunsa anadya phula, Trust. Tiyeni tikaliyeze."

Anapita pa thanthwe lalikulu m'munsi mwa phiri. Trust anasongola chikhomo, ndipo Idah anachikhoma yekha ndi mwala. Kuchokera pa chikhomo kufika pa thanthwe panakwana rula imodzi ndendende, masentimita 30.

Basi, kunali kuyamba kwake. Lachisanu lililonse kalasi inkapita kukayeza, ndipo panjira mafunso ankaphuka okha. Madzi a pakasupe amachokera kuti? Bwanji mitengo ya m'phiri imagwira miyala ndi mizu? Ofunsa kwambiri anali Idah. AZikhalo ankangong'ung'udza kuti akomiti ayamba kutchula kalasiyo kuti ya abusa a mbuzi.

Sabata yotsiriza ya teremu, Lachinayi, kunagwa chimvula tsiku lonse. M'mawa mwake Idah anafika belu lisanalire, akukoka azakhali ake pachitenje.

"Chakudya wakana, akuti mpaka tikaone mwala," anadandaula aAnastazia. "Kodi mwamudyetsa chiyani mwanayu?"

Onse ananyamuka. Ngakhale aZikhalo anatsatira ndi ambulera yawo, amvekere akungokaona ngati ana sakuononga chimanga cha eni. Pa thanthwepo Idah anagwada m'matope, naika rula. Anaichotsa, naiikanso.

"Silinasunthe! Azakhali, onani, ndi 30 yemweyo! Mvula yonse ija!"

Anayamba kuwafotokozera za chikhomo, za mizu, za kasupe, osapumira. AAnastazia anangogwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe.

"Ine ndimayesa mawu anatsala kwawo," anatero.

AZikhalo anatsokomola. "Mvula ikadalipo mpaka Malichi. Nanga teremu ikubwerayi aziyeza ndani?"

"Ine," anayankha Idah, kenaka anayang'ana azakhali ake.

"Kachewereyo ndisankha ndekha," anatero aAnastazia, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Atabwerera kusukulu, aZikhalo anapisa m'thumba natulutsa choko. "Zoyeza sasunga m'mutu, mwanawe. Kalembe pabolodi."

Bolodi linali pakhoma lakutali ndi khomo. Veronika anafuna kuletsa, koma Idah anali atalandira kale chokocho. Anaima pakhomo nthawi ndithu, akuyang'ana denga. Kenaka anayenda pakati pa mabenchi, nalemba 30 wamkulu ngati chipewa, n'kuthamangira pamalo pake pakhomo paja, akupumira m'mwamba.

Veronika sanamusunthenso. Ndipo pofufuta bolodi masana amenewo, nambala ija anailambalala.