Thabwa la Mlombwa Pansi pa Mpope

Amuna anga, a Nathaniel, anasiya kunyamula mbale ya mgonero kutchalitchi kwathu ku Wakefield, kuno kudziko la azungu, osauza munthu chifukwa chake. Iwo ndi mkulu wa mpingo, ndipo mbale ija, ya timakapu todzaza mpaka m'milomo, ankaiyendetsa m'mizere ngati anabadwa nayo. Koma Lamulungu lina anangokodola a Lawrence, mkulu mnzawo, kuti anyamule, iwo n'kukhala pansi manja ali m'matumba. Ine ndine namwino, sindinafunikire kufunsa. Ankaopa manja awo.

Bambo awo, apongozi anga, anali kalipentala ku Ntcheu. M'zaka zawo zomaliza manja anayamba kunjenjemera mpaka supuni inkawakanika. A Nathaniel anaziona zonsezo, ndipo chiyambire amayang'ana zala zawo ngati zili ndi mlandu.

Chomwe chinadzutsa mantha ndi mfuti. Amuna a anzanga akamakula amayamba kulima kabichi kuseri kwa nyumba, koma anga analowa kalabu yowombera chandamale kufupi ndi Rotherham, n'kupeza laisensi, n'kugula kamfuti kakale kolowa chipolopolo chimodzi basi. Poyamba ndinakwiya. Koma Loweruka lililonse munthu ankabwera ali mwee, atanyamula kapepala kobooka pakatikati, n'kukamata pafiriji. Ndinangoti bola si mowa.

Kenako mabowo aja anayamba kubalalika, lina m'mwamba, lina m'munsi. Mapepala anasiya kufika pafiriji, ndinkawapeza m'bini atapindidwa. Tiyi anayamba kumugwira ndi manja awiri. Ndinawayang'anitsitsa manjawo pakudya, pomanga tayi, posenda lalanje, osaona kanthu, ndipo ndinawauza.

"Mukungondisangalatsa, mayi a Tiya," anatero. "Bambo anayambanso chonchi. Pepala silinama."

"Ndiye tiyeni kwa GP, dokotala wathu."

"Akandiuze zomwe ndikuzidziwa kale?"

Makani a anthu a ku Ntcheu musawayese. Loweruka lotsatira sindinali pantchito, ndiye ndinavala jekete n'kukakhala m'galimoto iwo asanatuluke. Sanandifunse komwe ndikupita.

Kalabuyo ndi chishedi chachitali, chozizira, chonunkha oyilo. Anandiveka zotseka m'makutu. A Nathaniel anagona chafufumimba pamphasa yawo n'kuwombera, ndipo pepala litabwera linali ngati lajompholedwa ndi nkhuku. Anagoneka chipumi pamkono osadzuka. Zinandipweteka kumuona munthu wamkulu ali choncho, komanso zinandikwiyitsa.

"Bambo a Tiya, ku wadi makina a BP akaonetsa zachilendo, sitithamangira kuopseza wodwala," ndinatero. "Timayamba tatenga makina ena. Bwerekani mfuti ina."

"Mfuti yanga ilibe problem. Thabwa lake ndinakonza ndekha."

Thabwalo lili ndi nkhani yake. Pansi pa mpope wa mfuti pamakhala thabwa lomwe dzanja lamanzere limagwira, ndipo lomwe anagula nalo linali long'ambika. Titapita kumudzi kukamanga chiliza cha apongozi, iwo anadula chidutswa cha mlombwa pabenchi yomwe malemuwo ankapalirapo matabwa, n'kuchikulunga m'chitenje changa chatsopano, osandipempha. Anachisema m'galaja mwathu monga bambo awo anawaphunzitsira, kuti pamene thabwa lakumana ndi chinzake pasalowe ngakhale tsitsi. Linakhala lokongola, lofiirira, lokumbatira mpope kuyambira kutsinde mpaka kumapeto.

Joan, mayi wachikulire amene amasunga makiyi a kalabuyo, anatimva tikukangana ngakhale samamva Chichewa. Nditamufotokozera, anabweretsa mfuti yake. A Nathaniel anaigwira monyinyirika, n'kuwombera. Pepala litabwera, mabowo onse anali pamodzi moti chala changa chachikulu chinawaphimba. Iwo analiyang'anitsitsa pepalalo.

"Mwina ndi mwayi chabe," anatero chapansipansi.

Joan anatenga mfuti ya a Nathaniel n'kuwombera yekha, ndipo nayenso mabowo ake anamwazikana. Kenako anang'amba kapepala kowonda n'kuyesa kukalowetsa pakati pa mpope ndi thabwa. Kanakana ngakhale nsonga.

"Mwalikhazika mwaluso, Nathaniel, ndiye vuto lake," anatero. Anafotokoza kuti chipolopolo chikamatuluka mpope umagwedezeka ndi kutentha, ndipo umafuna mpata. Mtengo wouma ndi dzuwa la kwathu unamwa chinyezi cha kuno, n'kufufuma, n'kumakankha mpope mosiyanasiyana. Thabwa liyenera kugwira malo amodzi okha, pozungulira bawuti yomwe imalimanga, kwina konse pazidutsa pepala, ngakhalenso kutsinde komwe limayandikana ndi chitsulo chachikulu cha mfuti.

M'galimoto pobwerera, titafika pamsewu waukulu, anati, "Ndiye kuti si ine?"

"Ndakhala ndikukuuzani. Koma mpaka amvere Joan."

Ntchitoyo anaigwirira m'galaja, ine ndili pakhomo ndi kapu ya tiyi. Anakulunga sandipepa pakamtengo kobulungira n'kuyamba kupala m'kati mwa thabwa. Fumbi lofiira linkagwera panyuzipepala, fungo lake ngati la shedi ya apongozi. Ndinaona kuti zikuwawawa.

"Bambo akanauona mpata umenewu akanandithamangitsa pabenchi," anatero.

"Bambo ankapanga zitseko, osati mfuti. Palani."

Anapaka polishi wa nsapato pampope kuti guluu asamatirire kuchitsulo, n'kuzunguliza tepi chakumapeto kuti mpope ukhale m'malere. Guluu wake ndi uja wa mitundu iwiri wosakaniza, ndipo anamusakaniza ndi supuni yanga ya tiyi, nkhani imeneyo sitinaimalizebe. Anamuika pang'ono pozungulira bowo la bawuti, n'kubwezera thabwa, n'kumanga mosalimbitsa. Guluu atauma anachotsa thabwalo, n'kupeza pakhala kampando kosalala kofanana ndendende ndi mpope. M'kati monse motsala anapakamo mafuta a matabwa kuti chinyezi chisalowenso. Atamanga komaliza anandipatsa ine kapepala kuti ndiyese, ndipo kanadutsa bwinobwino mpaka kukagunda pabawuti.

Loweruka linalo pafiriji panabwereranso pepala lobooka pakatikati. Kwa dokotala anapitabe, chifukwa ine si woseweretsa, ndipo dokotalayo anakawauza zomwe ndinawauza ine kalekale. Anabwera akuimba nyimbo ya kwaya, mawu ake osalongosoka, koma ndinawaleka.

Lamulungu la mgonero litafika, a Lawrence anatambasula manja kuti atenge mbale monga anazolowera. A Nathaniel anawagwira paphewa n'kuinyamula okha. Anayenda nayo mzere ndi mzere mpaka anafika pomwe ndinakhala. Sindinayang'ane nkhope yawo, ndinayang'ana timakapu. Vinyo anali phee, ngakhale kakapu kamodzi kogundana ndi kanzake panalibe. Mtima wanga unakhala pansi, misozi n'kulengeza, ndipo potenga kakapu kanga dzanja langa ndi lomwe linanjenjemera, vinyo n'kudonthera pabulauzi yanga yoyera.

A Nathaniel anawerama pang'ono, mbale ili chilili m'manja mwawo, n'kundinong'oneza kuti, "Mayi a Tiya, tipite kwa GP?"