Riboni pa Telesikopu

Mpaka lero ndikaona Tedson akudutsa pa Benga ndi jekete lake lotha m'zigongono, ndimayang'ana kumbali. Anthu amati Sumaiya amasunga mangawa. Ndimasungadi, ndipo awa okha sindidzawataya.

Bambo anga, Che Latifu, ndiwo ankaonera mwezi anthu a kumzikiti kwathu. Ramadhani ikamayandikira kapena ikamatha, iwo ankakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba dzuwa likangolowa, n'kuyang'ana kumadzulo. Akati "Ndauona," ashehe sankafunsanso munthu wina. Akati "Sindinauone," ngakhale mpunga utasankhidwa kale ndipo ana atayesa kale zovala za Idi, aliyense ankadziwa kuti kwathu sunaoneke. Sananamepo kuti akondweretse munthu.

Kenaka maso anayamba kuwathawa. Kuchipatala anati mitsempha ikufa, mankhwala odonthezera angochedwetsa basi. Diso lamanzere linatsogola. Lamanja linatsala ndi kampata kakang'ono, ngati munthu akuyang'anira m'bango, ndipo kampatako kankachepa mwezi ndi mwezi.

Nthawi imeneyo kunabwera achinyamata okonda nyenyezi ochokera ku Lilongwe. Anamanga matenti pabwalo la mpira la sukulu ya kwathu, atanyamula telesikopu, chipaipi cha magalasi choonera zakumwamba, yoti pochoka aisiyire sukulu. Mtsogoleri wawo, Ramsey, anabwera pamakina anga osokera kudzakonzetsa zipi ya tenti. Anati mudzi wonse ukuitanidwa, ndipo mwezi udakali wanthete, nthawi yabwino yoona mapiri ndi maenje ake.

"Koma mufulumire, achemwali," iye anatero. "Mwezi woterewu suchedwa kulowa."

Nditawauza bambo, anatembenukira kwa ine. Kenaka anafunsa, "Uli ndi mapiri? Zaka zonsezi ine ndimangouona ngati chikhadabo." Anatulutsa mkanjo wawo wa Lachisanu n'kundiuza kuti ndiusite.

Titangoswali Magharibi, swala ya dzuwa litalowa, ndinawagwira dzanja mpaka kubwalo. Mwezi unali pamwamba pa mitengo ya mango ya kuseri kwa sukulu, wowala bwinobwino. Koma telesikopu tinaipeza itakulungidwa m'chitenje ngati mwana wodwala, pamwamba atamangapo riboni yofiira. Pambali pake panaima Tedson, wapampando wa komiti ya sukulu, manja ali kumbuyo ngati msilikali.

"Abambo, ndikukupemphani," Ramsey ankamuchonderera. "Anthu aone kaye mwezi, mwambo ubwere pambuyo. Nyenyezi zikhalapo, koma uwu ukupita."

"Kuno si ku Lilongwe, achimwene," Tedson anayankha. "Chinthu chatsopano sichigwira ntchito mlendo wolemekezeka asanachitsegulire. Mukufuna atipeze titadya kale?"

Mlendo wolemekezekayo anali a Paison, eni maminibasi, amene anabwereketsa mipando ndi jenereta. Kwawo ndi pafupi, munthu atha kuwaitana ndi pakamwa, koma wolemekezeka safika anthu asanatope.

Ndinapita ndekha kwa Tedson. "A Tedson, bambowa maso akuwathera, inu mukudziwa. Angosuzumira kamodzi kokha, chitenjecho ndichibwezera ndekha."

"Che Latifu tawasungira mpando wakutsogolo," iye anatero, akumwetulira ngati wandipatsa ng'ombe. "Ali pa pulogalamu."

M'chikwama mwanga simusowa sizasi, ndipo ndinaitulutsadi kuti ndidule riboniyo ndekha. Bambo anamva kulira kwake n'kundigwira pamkono. "Usandichititse manyazi pagulu, mwanangu. Tidikire."

Tinadikira. A Paison atafika, jenereta inalira, magetsi n'kuwala bwalo lonse ngati pali ukwati, nyenyezi zonse n'kuzimiririka. Achinyamata a ku Lilongwe aja anangogwira m'mutu. Panabwera pemphero lachikhristu, kenaka dua yachisilamu, kuti pasakhale wodandaula. Kenaka Tedson anayamba kudziwitsa anthu amene tonse timawadziwa, mmodzimmodzi, aliyense aimirire, tiwombe m'manja. Kwaya ya ana inaimba. Aliyense wogwira maikolofoni ankayamba ndi mawu akuti sachulutsa zonena, n'kuchulutsa.

Bambo ndi maso awo okha sankatha kuupeza mwezi. Ankangondikoka mkono. "Udakalipo?"

"Ulipo, Ababa. Wakhudza nsonga za mango."

Patapita kanthawi anafunsanso.

"Yatsala nyanga imodzi."

Pamenepo a Paison anali akufotokoza mmene anayambira bizinesi ndi njinga ya kabaza. Ndinaimirira n'kunena mokweza kuti mwezi ukulowa. Amayi a kumbuyo kwanga anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi, wina n'kunong'ona kuti mwana wa Che Latifu alibe mwambo. A Paison anaseka, nati, "Mayi, mwezi ndi wa Mulungu, suthawa," anthu n'kuwomba m'manja. Mwezi unalowa anthu akuwomba m'manja choncho. Bambo sanafunsenso, chifukwa anamva mmene dzanja langa linalefukira.

Nthawi yodula riboni itakwana, kunapezeka kuti komiti yonse, ndi misonkhano yake yonse, inaiwala sizasi. Tedson anayang'ana uku ndi uku, kenaka anabwera kwa ine osachita ndi manyazi omwe. "Atelala, tatibwerekani."

Ndikanamubaya nayo. Bambo anangoti, "Mpatse."

Chitenje chitachoka, Tedson anawatenga bambo pamkono ngati ndi ake, wojambula ali pambuyo. "Woyamba kuona akhale katswiri wathu wa mwezi," analengeza. Ramsey anayesa kunena kuti kulibenso choona kumeneko, koma mawu ake anamira m'phokoso la jenereta. Bambo anavula chisoti, anawerama, n'kuika diso lamanja pagalasi. Anakhalapo nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti ankayembekezabe.

Tedson anawaika maikolofoni pakamwa. "Tiuzeni, Che Latifu, mwauona?" Kenaka, moiwala kuti chinthucho chimakuza mawu, ananong'ona bwalo lonse likumva: "Ingonenani kuti eya, a Paison asangalale."

Bambo anawongoka, n'kuvala chisoti chawo.

"Sindinauone."

Mawu amenewo kwathu timawadziwa. Palibe anawomba m'manja. Ngakhale amayi ondikoka chitenje aja anayang'ana pansi.

Ramsey anatipepesa mpaka misozi kulengeza, ngakhale sanalakwe ndi iye. Anati tibwerenso mawa lake, koma mawa lake kunachita mitambo, mkuja wake mvula, ndipo alendowo anapasula matenti awo. Telesikopu inatsekeredwa mu ofesi, kiyi ali ndi Tedson, amene anapita kumaliro ku Dwambazi n'kukakhalitsa.

Mwezi wotsatira utaoneka, ndinakakhala pakhomo pa Tedson kuyambira m'mawa mpaka anatulutsa kiyi. Mphunzitsi wina amene Ramsey anamuphunzitsa ananyamula telesikopu ija mpaka pachulu chathu, n'kuilozetsa bwinobwino. Bambo anaikapo diso. Analichotsa, analipukuta ndi mkono wa mkanjo, n'kuliikanso. Kampata kaja kanali katatsekeka.

"Tayang'ana iwe," anatero.

Ndinayang'ana, ngakhale misozi inkandisokoneza.

"Alipodi mapiriwo?"

"Alipo, Ababa. Ndi maenje omwe."

Anagwedeza mutu, n'kundipempha kuti ndiwatsitse pachulupo pang'onopang'ono. Sanakwereponso.

Chithunzi cha tsiku lija chili pakhoma mu ofesi ya sukulu, bambo atawerama pa telesikopu, Tedson akumwetulira pambali. Ndamva kuti alendo amawauza kuti awa ndi agogo amene anaona mapiri a kumwezi chifukwa cha komiti yake. Sabata yatha anabwera pamakina anga ndi jekete lija, kuti ndimuikire zigamba m'zigongono. Ndinamuuza kuti apite kwina, sizasi yanga imadikira mlendo wolemekezeka.