Nyemba Zopulumuka pa Mphika

Tangoganizani: nyemba zafika kale m'khitchini ya lesitilanti, madzi akuwira pamoto, makasitomala ayamba kusuzumira pakhomo ndi njala yawo. Kodi n'chiyani chingazipulumutse nyemba zoterozo?

Mayi a mapasa anazindikira m'mawa wa Lachisanu kuti kathumba kawo kasowa. Kankalendewera kudenga chaka chonse, koma dzulo lake anakatsitsa poona mitambo ikusonkhana, n'kukaika pafupi ndi matumba a nyemba zogulitsa. M'kathumbamo munali mbewu imene malemu mayi awo anawasiyira: nyemba zazing'ono zamawangamawanga, zocha msanga, zosaopa ng'amba. Alimi anzawo anazisiya kalekale atatengeka ndi mbewu za m'sitolo. Zikanaphikidwa zimenezo, mtundu wake ukanathera m'mbale.

"Bambo a mapasa, matumba amene munapita nawo kumsika dzulo anali angati?"

Mwamuna wawo, amene anthu ankamutcha Changu chifukwa chochita zinthu asanamve zonse, anasiya kupopa njinga. "Atatu. Ndi kakang'ono kaja."

"Kakang'ono kati?"

"Kamene munaika pambali paja. Ndinati mwawonjezera katundu."

Mayi a mapasa sanakalipe. Anangomanga nsalu m'chiuno n'kukhala pakaliyala. "Palasani. Lero liwiro lanulo ligwire ntchito."

Panjira anaima pamunda wa mlamu wawo, amene anamupeza akuthirira anyezi. Zaka zitatu zapitazo anamugawirako mbewu yomweyo, ndiye mwina panali potsalira.

"Zija tinadya, alamu," anatero mlamuyo akupukuta thukuta. "Koma zinali zokoma, osanama."

"Zikomo pondiuza kukoma kwake," anayankha mayiwo, ndipo njinga inapitirira.

Kumsika anadutsa pakati pa milu ya tomato ndi madengu a mazira mpaka kukafika pa bambo wa sikelo, amene anagula katunduyo. Matumba atatu aja anali pomwepo, otsegula kukamwa.

"Kakang'onoko sindinakamasule n'komwe," anatero bamboyo. "Kanatengedwa chomangamanga ndi mayi wa lesitilanti. Kaya ndi wa pafupi ndi basi, kaya wa kuseri kwa chigayo. Ndi munthu ndi mng'ono wake, nkhope zawo zimandisokoneza."

Anayambira pafupi ndi basi. Asanalowe n'komwe, fungo la nyemba zakupsa linawachingamira. Mayi a mapasa anapempha kuona mumphika. Wophikayo anavundukula monyinyirika. Nyemba zikapsa zimafanana, choncho mayiwo anatapa imodzi ndi supuni, n'kuiuzira, n'kuitembenuza pachikhatho.

"Mudya kapena mukuipima malungo?" anafunsa wophikayo.

Inali yaikulu, yaitali ngati chala cha mwana. Sinali yawo.

"Poti tafika kale, bwanji tilaweko pang'ono?" ananong'oneza Changu. Mkazi wake anangomuyang'ana, iye n'kukagwira njinga.

Lesitilanti ya kuseri kwa chigayo inali ya mabenchi atatu ndi tebulo limodzi lalitali. Amuna awiri oyera ufa m'mutu ankadya kabichi uku akudandaula kuti lero ndi tsiku la nyemba. Mayi a mapasa anamva zimenezo, koma sanafune kusangalala msanga. Anafotokoza nkhani yawo kwa mwini malowo, mayi wamfupi wa epuloni yothimbirira, amene anamvetsera atagwira chikombe m'manja.

"Ndinagula ndine," anatero. "Ndinakamasula m'mawa uno, madzi ali pamoto. Nditangopisa dzanja, ndinakamanganso."

Anakwera pampando, nasuntha mbale za pashelefu yapamwamba, n'kutsitsa kathumba. Mayi a mapasa anakalandira ndi manja awiri monga alandirira khanda. Anakamasula, naona mawanga aja, ndipo anakhala pabenchi.

"Mawa bambowa akubweretserani nyemba zodya, zosankha kale," anatero mayi a mapasa.

"Abweretse, koma muwaperekeze," anayankha mwini lesitilanti. "Angabwere ndi mapasa m'thumba."

Amuna a ufa aja anaseka mpaka wina anatsamwa. Changu anaseka nawo, akukanda kumutu, ndipo atapatsidwa kabichi anadya mbale ziwiri osadzutsa nkhope. Mayi a mapasa anadya ataika kathumba kaja pamiyendo. Asananyamuke anatapa nyemba zodzaza kapu, nazikulunga m'pepala, n'kupatsa mwini malowo.

"Mukadzale kuseri kwanuko. Ndaphunzira lero kuti mbewu siyenera kugona m'nyumba imodzi yokha. Koma ndiuzeni, achemwali, munalekeranji kuziphika? Makasitomala anu akukunenani apa."

"Andinene, mawa abweranso," anatero mayiyo. "Inenso ndinakulira pamunda. Ndinadziwa kuti izi si ndiwo, ndipo kwinakwake kuli munthu amene akuzisaka misozi ili m'maso."

Anapisanso dzanja m'kathumba muja, nalitulutsa, n'kutambasula chikhatho pamaso pa onse. Chinali chotuwa mpaka m'zala. Mlimi sathira zimenezi m'nyemba zopita kumsika; amathira m'mbewu yokha, kuti isafumbwe podikira mvula.

Chimene chinapulumutsa nyembazo ndi phulusa.