Tsiku Lokwatitsa Ayezi

Chaka chimenecho ngalande ya m'mudzi inauma tirigu asanache. Mtsinje wa ayezi wa kuphiri unali utabwerera m'mbuyo kwambiri moti madzi ake ankadutsa m'phompho, kutali pansi pa minda, ndipo akazi ankatsika komweko ndi zigubu. Akuluakulu anagwirizana zokwatitsa ayezi. Amuna ena anapita kuchigwa cha kumadzulo kukasema wamwamuna, wakuda uja wodzaza miyala. Wamkazi, woyera mbee, anali woti asemedwe pa mtsinje wawo womwewo n'kukwera naye kuphanga la pamwamba pa ngalande, kumene dzuwa silifika. Kumeneko awiriwo akagona pamodzi, atafunda makala ndi mankhusu, mpaka adzabale ayezi watsopano wodzamwetsa minda ya adzukulu.

Dengu lonyamulira mkwatibwi, ayezi wamkazi uja, linagwera mnyamata wina, Fida.

"Sankhani wina, malume," anatero akupemerera tiyi wamchere pakhomo.

"Wina ndani?" anafunsa a Rozi, mlongo wa amayi ake. "Bambo ako akanakhalapo bwenzi atasenza iwowo. Kapena msana unautaya ku koleji pamodzi ndi mabuku?"

"Mabuku sindinataye. Amayi akuyatsira moto."

"Bola agwirako ntchito. Tamvera, iwe. Ukasenza, dengu lisagunde pansi. Usalankhule, usacheuke. Mkwatibwi akamva mawu a munthu panjira amachita manyazi, sabala."

"Nanga ndikafuna kutaya madzi?"

"Uzitaya ukuyenda. Ali kumsana, saona."

Amayi ake, a Hajira, anaseka m'khitchini, kuseka kwakufupi ngati kobwereka. Amuna awo anagwera mumng'alu wa ayezi yemweyo akutsitsa mbuzi, Fida ali ku koleji m'tauni ya Skardu. Mnyamatayo anabwera kumaliro opanda mtembo ndipo sanabwererenso kusukulu. Lachinayi likafika, akazi anzawo akamapita kukapemphera pa manda a amuna awo, a Hajira ankangokhala pakhomo, maso ali kuphiri.

Njira yokwera imadutsa mizere ya miyala imene ayezi anasiya. Mzere woyamba ndi pamene anafika m'masiku a makolo, pamene anatsika n'kumeza chigayo ndi mitengo ya maapurikoti ikadali ndi maluwa, kenako n'kubwerera osapepesa. Wachiwiri ndi wa nthawi imene agogo a Fida anali mwana. Mizere ina inalibe woikumbukira. Bambo ake ankati phirili limapuma: likatulutsa mpweya anthu amathawa, likaukoka amalira ludzu.

Anasema ayeziyo dzuwa litangotuluka, namukulunga m'bulangete, namusenzetsa Fida. Kuyambira pamenepo pakamwa pa aliyense panatsekeka. A Rozi anatsogola, amuna a matumba a makala pambuyo pawo, iye kumapeto ndi katundu wolemera.

Kuzizira kunaboola bulangete n'kulowa m'mafupa, ndipo posakhalitsa sankadziwanso pamene msana wake ukuthera ndi pamene mkwatibwi akuyambira. Anayenda ngati wotulo. Pansi pa ayezi, kudzanja lamanzere, madzi ankang'ung'udza ngati anthu ocheza m'chipinda china, ndipo ankaona ngati akumvamo chigayo chija chikuperabe, mbuzi zikulira, munthu akuziimbira mluzu.

Pamene njira imapinda pamwamba pa chibumi, anaona nsapato.

Inali m'munsi, itatulukira m'khoma la ayezi limene madzi anali kulidya kunsi. Chidendene chake chinali chosokedwa ndi waya wofiira wamagetsi. Waya umenewo anasokera yekha Fida pa nsapato ya bambo ake, m'mawa wa tsiku lopita ku koleji, iwo akumunena kuti amasoka ngati nkhuku ikupalasa. Pamwamba pa nsapatoyo panali nsalu yakuda yolowa mkati mwa ayezi.

Anaima. Kutsika pamenepo kunkafuna manja ndi mawondo. Ndi dengu sizikanatheka. Dzuwa linali litakwera, ndipo aliyense wa m'mudzimo amadziwa kuti masana madzi amatupa n'kugwetsa makoma otere. Patsogolo, msana wa a Rozi unkapitirira kukwera, osacheuka, monga mwa lamulo lawo lomwe. Liwu lakuti "malume" linafika pa lilime n'kukhala pomwepo, lolemera kuposa dengu.

Dontho lozizira linatsetsereka pamsana pake pang'onopang'ono ngati chala cha munthu. Anaganiza za manda, mulu wa dothi pamene amayi ake akanamakhala Lachinayi. Anaganizanso za amayi omwewo akukwera phompho ndi chigubu, akupuma atagwira mwala. Anayang'ana waya uja mpaka maso anachita chidima. Kenako ananyamula phazi.

Kuphanga anapeza a kumadzulo atafika kale. Anagoneka wamkazi pambali pa wamwamuna, nawafunditsa, natseka pakhomo ndi miyala. A Rozi atamaliza pemphero anasasa m'manja. "Lankhulani tsopano, anthu inu, ndakusowani."

"Ndawaona bambo," anatero Fida.

Anatsika chothamanga, koma pachibumi paja anapeza khoma litagwa. Madzi amatope ankawinduka pamalopo, akukunkhuniza zibenthu za ayezi kulowera kuphompho. A Rozi anakhala pansi.

"Ukanaitana, mphwanga."

"Mukanacheuka, malume."

A Rozi anapukuta mphuno ndi mkono wa malaya. "Munthu ameneyu sanadikirepo aliyense. Ngakhale tsiku lokwatira mlongo wanga anafika tisanaphe n'komwe mbuzi."

Kunyumba a Hajira anamuvula malaya mwana wawo n'kuyamba kupaka mafuta pamene kuzizira kunamuwotcha.

"Mkwatibwi wafika?"

"Wafika. Sanagunde pansi."

"Nanga bwanji ukunjenjemera chonchi?"

Anawauza zonse: za waya, za nsalu, za phazi limene ananyamula. Dzanja lawo linaima pamsana pake, koma silinachoke.

"Ndiye kuti atsika ndi madzi," anatero motsitsa mawu.

Zigubu zonse zinali zodzaza. Komabe anatenga chimodzi, nathira madzi ake patsinde pa mtengo wa pakhomo, nakonza mpango kumutu, nalowera kuphompho dzuwa lisanalowe. Fida anavala malaya n'kuwatsatira.